Mlamu wanga wabwezedwa pa geti la chipatala ku Joni, tichite chiyani?

Mayi a Tadala, Johannesburg
Abale anga pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo masiku awiri. Mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga wamng'ono, ndi woyembekezera, miyezi 7. Lachiwiri analawirira ku sikelo monga mwa nthawi zonse, khadi lake lili m'manja. Atafika anapeza pa geti paima anthu, osati alonda, osatinso anamwino, akuimitsa aliyense kuti aonetse chitupa cha dziko lino. Iye anatulutsa khadi la sikelo, iwo n'kumuuza kuti akaberekere kwawo. Anabwerako akulira ndipo mpaka pano akukana kutuluka m'nyumba. Miyendo yatupa, kuyambira dzulo akudandaulanso mutu. Mchimwene wangayo akuti timukweze basi Loweruka apite kwa mayi ake ku Machinga. Koma masiku a mu pasipoti yake anatha chaka chatha. Ndithandizeni nzeru, ine mutu waima.

Nachisale, Leeds
Achemwali, za basizo ziyambe zadikira. Ine ndine namwino, ndagwirapo m'chipinda cha amayi zaka zambiri ndisanabwere kuno. Kutupa miyendo kokha kumachitika kwa amayi ambiri, koma kukaphatikizana ndi mutu pa miyezi 7 pamafunika kuyeza BP ndi mkodzo lero lomwe. Mufunseni ngati akuona tinthu tong'anima m'maso, ngati nkhope ndi manja zatupanso, ngati akumva kuwawa pansi pa nthiti, komanso ngati mwana akusuntha ngati masiku onse. BP ikakwera pa mimba mayi amatha kugwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Ulendo wa ku Malawi ndi masiku awiri kapena atatu ali chikhalire pampando, kudutsa Zimbabwe yonse ndi Tete, kopanda dokotala pafupi. Chonde musamukweze asanaonedwe.

Mayi a Tadala, Johannesburg
Ndamufunsa. Manja akuti mphete yayamba kuthina. Mwana akusuntha.

Nachisale, Leeds
Apite usiku uno. Musadikire kuche.

Che Mbwana, Durban
Pepani kwambiri amayi. Zomwezi zatikuta kunonso. Kwanuko ndi gulu lothamangitsa alendo la Operation Dudula, lomwe linayambira ku Soweto mu 2021, kuno ku Durban kuli gulu lina lotchedwa March and March. Koma ndikufuna mudziwe kuti lamulo silili kumbali yawo. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wolandira thandizo la chipatala, silinena kuti nzika zokha, ndipo limanenanso kuti munthu asakanizidwe thandizo la mwadzidzidzi. Mu April 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma, osayang'ana kuti ndi a dziko liti kapena mapepala awo ali bwanji. Mu November 2025 khoti lomwelo linaletsa a Dudula kufunsa anthu zitupa ndi kutsekereza anthu pa zipatala ndi m'masukulu. Linati ofunsa mapepala ndi apolisi ndi a imigireshoni basi.

Ndikudziwa kuti munthu akaima pa geti ndi chikwapu simungamuwerengere chigamulo cha khoti. Ndiye chitani chonchi: siyani kakiliniki kakang'onoko, pitani ku chipatala chachikulu, mbali ya odwala mwadzidzidzi. Asapite yekha, ndipo pakhale wina wolankhula bwino Chizulu kapena Chisutu.

Za basi, mchimwene wanuyo adziwiretu izi. Ife a Malawi timapatsidwa masiku 30 okha polowa. Ukapitirira ndi masiku oposa 30, potuluka pa Beitbridge amakudinda kuti usalowenso kwa zaka 5. Ndiye kuti mayiyo akapita wapita, bambo atsala kuno ndi maganyu awo, mwana adzakula akumva mawu a bambo ake pa foni.

Aphunzitsi a ku Mponela
Mayi a Tadala, Mulungu atsogole, mutiuze mmene muyendere. Pamene tikudikira, ndikupempha gulu lindilole ndinene mawu omwe mwina ena sawakonda. Ndawerenga kuti "akaberekere kwawo" ndipo mtima wanga wapita pa May 2023. Boma lathu linapereka tsiku la 15 April kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni abwerere ku Dzaleka. Tsikulo litadutsa apolisi analowa m'makwalala a Lilongwe, ku Mgona ndi madera ena, kunyamula anthu m'magalimoto, mashopu ndi makontena awo kutsekedwa. Ena anakagonetsedwa kundende ya Maula, amayi ndi ana omwe. M'kalasi mwanga munali mtsikana wa Sitandade 7, makolo ake ochokera ku Rwanda, iye wobadwira konkuno, Chichewa chake chosasiyana ndi cha ana anga. Lolemba lina desiki yake inali yopanda munthu. Anzake anandifunsa kuti wapita kuti, ine n'kusowa choyankha. Pa Facebook nthawi imeneyo ambiri a ife tinkaombera m'manja, amvekere Maburundi azipita. Lero tikulira ndi mawu omwewo akunenedwa m'Chizulu.

Wageni wa ku Area 25
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, apa mwasakaniza zinthu. Ife sitinawotche munthu ndi tayala. Sitinaime pa geti la chipatala. Lamulo lathu la othawa kwawo la 1989 likudziwika, ndipo pomwe Malawi ankalowa m'pangano la United Nations anakana mbali zina, kuphatikizapo zoti othawa kwawo azikhala paliponse ndi kugwira ntchito momasuka. Boma linangotsata lamulo lomwe linalipo kale.

Ndipo mundimve ngati munthu wa msika. Ine ndinali ndi okala zaka 9. Pafupi nane anatsegula mnzathu wina wochokera kunja, katundu amaoda limodzi ndi abale ake pa lole yathunthu, mtengo wake ine sindikanaufikira ngakhale nditagulitsa osapindula. Patangotha miyezi isanu ndi itatu okala yanga inatsekedwa. Ana anga anasiya sukulu yolipira. Mukati ndi tsankho, ndiye kuti njala ya ana angayo ndi yabodza?

Aphunzitsi a ku Mponela
Si yabodza achimwene, ndipo pepani ndi zomwe zinakuonekerani. Koma mawu mwanenawa, mzimayi wa ku Soweto yemwe okala yake, yomwe kumeneko amati spaza, inagwa amanenanso chimodzimodzi, ndipo nayenso amati lamulo likutero, mlamu wa Mayi a Tadala masiku ake anatha. Funso langa ndi lakuti, atachoka anthu aja mu 2023, okala yanu inatsegulidwanso? Dzaleka ndi kwathu kuno ku Dowa. Inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, inasanduka kampu mu 1994, ndipo anaikonzera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Lero muli anthu oposa 50,000. Munthu yemwe ankadzidyetsa yekha ndi kulemba ntchito anyamata athu awiri atatu tinamubweza kuti akadikire thandizo la chakudya lomwe likungocheperachepera.

Wageni wa ku Area 25
Sinatsegulidwe. November chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, kampamba komwe ndinkasunga kanasungunuka. Koma ndikanenabe kuti dziko lililonse liyenera kudziwa amene walowa. Mwaiwala mitembo 30 ya anthu a ku Ethiopia yomwe inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu October 2022? Malire akakhala osayang'aniridwa, opindula ndi ozembetsa anthu.

Che Mbwana, Durban
Pamenepo ndikugwirizana nanu akulu, koma taonani mbali inayo. Anyamata a ku Ethiopia aja ankapita kuno komwe tili ife. Anabisidwa m'galimoto chifukwa khomo loti alowere poyera kunalibe. Ifenso n'chimodzimodzi. Anzathu a ku Zimbabwe anapatsidwa chilolezo chapadera chokhalira ndi kugwira ntchito kuno, a ku Lesotho anapatsidwanso chawo. Mmalawi alibe. Wogwira m'dimba, wolera ana, wosoka, woyendetsa njinga yoperekera zakudya, palibe pepala lomwe angapemphe n'kupatsidwa mosavuta. Ndiye anthu amatumiza pasipoti ndi a mabasi kuti ikadindidwe, ena amaoloka Limpopo usiku n'kukumana ndi achifwamba otchedwa magumaguma. Maboma athu onse, kaya ndi chipani chiti, atumizapo mabasi odzatitenga zikavuta, monga mu 2015 anthu atathamangitsidwa kuno ku Durban. Koma kukhala pansi ndi Pretoria kuti anthu athu akhale ndi mapepala, chimenecho ndiye ndikuchidikirabe.

Ada Jere, Mzimba
Ana anga, ndiloleni ndilankhuleko ine wachikulire. Njira ya ku Joni sinayambe ndi inu, ndipo sitinaiyambe ndife. Anadzatiitana. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, inali ndi maofesi m'dziko muno, mpaka lero ku Blantyre malo okwerera basi amatchedwa Wenela. Bambo anga anapita kawiri. Ankawayeza pachifuwa, kuwayika pa sikelo ngati thumba la fodya, kenako pa ndege. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 a Malawi oposa 100,000 anali pansi pa nthaka ya South Africa kukumba golide. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, a Malawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Kamuzu anakwiya n'kuletsa kulemba anthu. Patapita zaka zitatu zinayambiranso pansi pa dzina la TEBA, mpaka 1988 pomwe anayamba kukangana za kuyeza anthu athu HIV, basi khomo linatsekedwa.

Bambo anga anabwerako ndi njinga, wailesi, jekete ndi chifuwa. Chifuwacho ndi chomwe chinawatenga. Za ndalama za TEBA zomwe akhala akulonjeza, anamwalira akudikira, ndipo anzawo otsala akudikirabe. Ndiye ndikamva kuti mdzukulu wawo akutchedwa kwerekwere, dzina lonyoza alendo, mu mzinda womwe unamangidwa ndi golide uja, mtima umandiwawa kwambiri.

Koma ndinenenso za kuno kumudzi, poti enanu mumangoona malata. N'zoona, nyumba zabwino za kuno kwathu zambiri ndi za ndalama za ku Joni. Fetereza, fizi, maliro, zonse timayang'ana foni kuti Mukuru yalowa. Komatu m'mudzi mwathu mwatsala nkhalamba, amayi ndi ana. Mnyamata akangolemba mayeso a Fomu 2 maganizo ali pa transipota. Atsikana akukwatiwa ndi chithunzi cha pa foni, mwamuna osamuona zaka zinayi. Ndipo mwezi sutha tisanamve kuti galimoto yokoka ngolo ikubwera ndi bokosi.

Mayi a Tadala, Johannesburg
Tanyamuka. Mayi wa nyumba yomwe timachita lendi, Msutu wa konkuno, wati atiperekeza ndipo mwana wake ndiye akuyendetsa galimoto. Mutipempherere.

NaPhiri, Mufakose ku Harare
Muyende bwino amayi. Ada Jere, mawu anu andikhudza. Ine ndine mdzukulu wa matchona. Agogo anachoka ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya kuno, osabwereranso. Bambo anabadwira kuno, ine ndinabadwira kuno, ku Malawi ndapitako kamodzi kokha. Tikukula ankatitcha mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre. Mu 2001 lamulo la unzika litasinthidwa, anthu ngati bambo anga anauzidwa kuti akane unzika wa Malawi, womwe sanakhale nawo n'komwe, ndipo chitupa chawo chinali cholembedwa kuti mlendo. Povota anabwezedwa. Mafamu atalandidwa, ogwira ntchito ambiri anali anthu athu, ndipo analibe mudzi woti athawireko. Zinadzakonzedwa ndi malamulo atsopano a 2013, koma bambo anali atatsala ndi zaka zochepa.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi ichi. Nditapita ku Dedza kukaona kwa agogo, abale anandilandira bwino, nsima ya nkhuku, koma pondionetsa kwa anthu ankati uyu ndi Mzimbabwe wathu uja. Gule timavina kuno, Chichewa ndi ichi ndikulembachi. Ndiye ndikamva mawu oti "kwawo", ndimafunsa kuti kwa mwana ali m'mimbayo kudzakhala kuti. Ku South Africa kubadwirako sikukupatsa unzika. Mayi a Tadala, akadzabadwa musadzataye kapepala kalikonse ka kuchipatala, ngakhale kooneka kopanda ntchito. Bambo anga anavutika zaka zambiri chifukwa cha pepala limodzi lomwe agogo sanalisamale.

Mnyamata wa ku Philippi, Cape Town
Ine ndilankhuleko za anthu a kuno, chifukwa ndimakhala nawo m'zisakasa zoyandikana. Mnzanga amene ndimagawana naye magetsi ndi Mxhosa, ali ndi satifiketi ya matiriki, zaka zisanu akufuna ntchito. Mwa anthu atatu ofuna ntchito m'dziko muno mmodzi alibe. Mayi ake amadzuka 4 koloko kukaima pamzere wa kiliniki, n'kubwerako opanda mankhwala. Munthu wotere wandale akamuuza kuti vuto ndi Mmalawi, amamva msanga, chifukwa Mmalawiyo akumuona tsiku ndi tsiku, pomwe wakuba ndalama za chipatala samuona.

Kalembera wa 2022 anapeza kuti obadwira kunja ndi pafupifupi 2.4 miliyoni mwa anthu 62 miliyoni, a Malawi pafupifupi 200,000. Ngakhale mutati ena anabisala osawerengedwa, si ife tingadzaze zipatala zonse za dziko lino. Koma zisankho zikayandikira nyimbo imakhala yomweyo. Gayton McKenzie ndi chipani chake ankafuula kuti abahambe, kutanthauza kuti alendo azipita, lero ndi nduna. Wandale wina, Herman Mashaba, naye nkhani yake ndi yomweyi. Dudula yomwe inalembetsa ngati chipani.

Tisadzinamizenso tokha. Mabwana amatikonda chifukwa timavomera ndalama yomwe mwini dziko angakane, sitipita ku bungwe la ogwira ntchito, sitidandaula Lamulungu. Amati a Malawi ndi okhulupirika. Ine ndinagwirapo miyezi iwiri pamalo ena omanga, tsiku lolandira bwana anati akuitana apolisi adzaone mapepala athu. Tinathawa, ndalama osaiona. Woti amangidwe pamenepo anali ndani? Koma ogwidwa n'kupita ku Lindela, komwe amasungira oti abwezedwe kwawo, amakhala wonyamula matope.

Wageni wa ku Area 25
Nanga bwanji osangobwerako? Ndikufunsa moona mtima, osati monyoza. 2008 anapha anthu 62. Nyumba ija ya Usindiso itapsa ku Johannesburg mu August 2023 munafa anthu 76, a Malawi ali momwemo. Moyo ndi ndalama chachikulu n'chiyani?

Mnyamata wa ku Philippi, Cape Town
Madala, ndikatumiza R1,000 kumudzi, mayi anga amagula chimanga, mlongo wanga amalipira fizi. Ndikabwera ndidzawapatsa chiyani? Ndili ndi MSCE yabwino, ndinayenda ndi ma envulopu mu Lilongwe zaka ziwiri. Usiku uliwonse ndimagona ndi nsapato pafupi, ndipo mayi ndimawauza kuti kuno kuli bwino. Tsiku lomwe kumudzi kudzapezeke ntchito yoti ndidyetse anthu anayi, simudzachita kundiitana.

Nachisale, Leeds
Ndaima kaye pa ntchito kuti ndione ngati Mayi a Tadala alemba. A Wageni, funso lanu ifenso a kuno limatipeza. Mapepala ndili nawo, koma mu August 2024 anthu atayamba kuphwanya mahotela ogona ofuna chitetezo, ku Rotherham konkuno ku Yorkshire anafuna kuyatsa hotela anthu ali mkati, ine ndinakhala masiku atatu ndikupita ku ntchito pa takisi, kuopa basi. M'mawa ndikusambitsa agogo achizungu, madzulo pa TV akukambirana kuti anthu ngati ine tachuluka. Mu March 2024 analetsa osamalira okalamba kubwera ndi mabanja awo. Ndikudziwa amayi omwe asiya ana aang'ono kwa agogo awo, akulera makolo a eni ake kuno. Manja athu amawafuna, koma ana athu ayi.

Ndipo mlandu wina ndimadzipatsa ndekha. Ndinaphunzitsidwa ndi misonkho ya a Malawi, ndipo mlamu wa Mayi a Tadala akanapita ku Machinga akanakapeza namwino mmodzi pa amayi ambirimbiri, mwina chifukwa ena tinachoka. Chimenechi chimandilemera.

Ada Jere, Mzimba
Mwana wanga Nachisale, usiku uno wagwira ntchito ya kwanu uli kutali. A Wageni, kumbukiraninso kuti nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lathu losaukali linasunga anthu oposa miliyoni imodzi, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza. M'madera ena alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Mafumu anawapatsa malo, anthu anagawana nawo zitsime ndi nkhuni, mitengo inatha, koma sitinawathamangitse. Nkhondo itatha mu 1992 ambiri anabwerera okha. Amene tinachita zimenezo ndife omwe.

Wageni wa ku Area 25
Ndamva, Ada. Pa za malire sindinasinthe maganizo. Koma za ana ku Maula zija sizinali bwino, ndipo nthawi imeneyo sindinanene kanthu. Aphunzitsi, mtsikana uja munadzamvako za iye?

Aphunzitsi a ku Mponela
Ndinakamufunafuna kamodzi ku Dzaleka. Ndinapeza mayi ake akugulitsa mandasi. Anati mwana analowa sukulu ya mu kampu koma m'kalasi ndi odzaza moti amakhala panja pa windo. Mayeso a Sitandade 8 analemba. Ndinamusiyira mabuku awiri omwe ndinali nawo m'chikwama.

Mayi a Tadala, Johannesburg
Abale, pepani ndachedwa, foni inazima. Pa geti sitinapeze munthu, mlonda anangotilozera khomo. BP anaipeza 168 pa 112, mkodzonso akuti uli ndi vuto. Amugoneka, amuika diripi ndipo amubaya jekeseni woti mapapo a mwana akhwime msanga, poti mwina sadikira miyezi 9. Namwino yemwe anatilandira sanafunse za pasipoti mpaka atamaliza kumuyeza, ndipo polemba anangotenga khadi la sikelo lija. Adokotala anati tikanamukweza basi sakudziwa ngati akanafika pa Beitbridge. Mchimwene wanga wangokhala pa benchi, sakulankhula. Mayi wa nyumba uja wakana ndalama ya petulo.

Nachisale, Leeds
Ambuye alemekezeke. Mankhwala a mu diripiwo amamutenthetsa thupi ndi kumufooketsa, asaope. Akamva mutu ukukula kapena kuona zachilendo m'maso aitane namwino nthawi yomweyo, asachite manyazi ndi chilankhulo. Muuzeni aloze mutu ndi dzanja, amva.

Che Mbwana, Durban
Alhamdulillah. Tikiti ya basi ngati munagula kale, ndipatseni nambala yake kumbali, pali mnyamata wa kwathu ku Namwera yemwe akufuna kupita Loweruka, akubwezerani ndalamayo.

Mayi a Tadala, Johannesburg
Tinagula, ndikutumizirani. Tsopano ndikufuna ndiimbire mayi ake ku Machinga, anali atakonza kale chipinda ndipo dzulo anagula nsalu ziwiri za mwana. Sindikudziwa ndiyambira pati. Nachisale, mukatuluka ku ntchito mundiimbire, mwina muwafotokozere ndinu za BP-zi, ine ndikangoyamba ndilira.

Nachisale, Leeds
Ndikutuluka 8 koloko ya kuno. Uzani amayiwo foni ikhale pafupi.